Lowe la m'mbali mwa ngalande zikuluzikulu: madzi apansi akakwera, matenda amalowera pati?

Ngati mumakhala pafupi ndi ngalande yaikulu ya mthirira, mwina izi mwaziona kale. Ndi mwezi wa Okutobala, mvula inasiya mu Epulo, koma chakumunsi kwa ngalande kuli chithaphwi chomwe sichikuphwa. Dzenje la chimbudzi lomwe makolo anu ankakumba mamita atatu osaona dontho, lero likutuluka madzi munthu asanafike ndi m'chiuno momwe. Khoma la nyumba lanyowa m'munsi, pulasitala akusuwa, ndipo m'munda mwayamba kuoneka zigamba zoyera ngati wina wawazapo ufa.

Zonsezi gwero lake ndi limodzi: madzi apansi panthaka akwera. Nkhaniyi imaoneka ngati ya mainjiniya ndi alangizi a ulimi okha, koma mathero ake amakaonekera kuchipatala, kwa mwana wokodza magazi, kwa mayi woyembekezera amene wadwala malungo m'chilimwe, ndi pabanja lomwe chitsime chake chasakanikirana ndi za m'chimbudzi.

Ku Malawi kuno nkhaniyi ikukula. Masikimu a mpunga monga Likangala, Domasi, Muona, Limphasa, Hara ndi Wovwe akhalapo zaka zoposa makumi anayi, minda ya nzimbe ya ku Nchalo ndi ku Dwangwa ili ndi ngalande zake, ndipo ku Chikwawa kukumangidwa ngalande yaikulu kuposa zonsezi, ya pulogalamu ya Shire Valley Transformation Programme. Ngalandeyi ikutenga madzi a mu Shire pa Kapichira ndipo cholinga chake n'chakuti ithirire mahekitala oposa 43,000 ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Madzi ochuluka chotero ndi dalitso lalikulu kudera lomwe limavutika ndi ng'amba chaka ndi chaka. Koma madzi alionse olowetsedwa m'dera amafunanso njira yotulukira.

Madziwa amachokera kuti?

Pansi pa nthaka iliyonse pali malire omwe mukawafika pokumba, mumapeza kuti timipata tonse ta m'dothi tadzaza madzi. Ndi pomwe madzi amaima m'chitsime. Malirewa sakhala pamodzimodzi. Amakwera m'dzinja, amatsika m'chilimwe, ndipo kudera komwe sikunasinthidwe ndi munthu, zomwe zimalowa ndi zomwe zimatuluka zimakhala zikufanana pakutha pa chaka.

Ngalande ikabwera, imasokoneza kufananaku m'njira zingapo. Yoyamba ndi kuchucha. Ngalande yadothi imataya madzi kudzera pansi ndi m'mbali mwake usana ndi usiku, makamaka pomwe yadutsa pamchenga. Ya konkire nayo imachucha m'malo olumikizira ndi m'ming'alu. Pamita imodzi madzi otayikawo ndi ochepa, koma muwerengere makilomita makumi angapo, kwa miyezi khumi ndi iwiri, kwa zaka makumi awiri.

Yachiwiri, yomwe nthawi zambiri imaposa yoyamba ija, ndi kuthirira mopyoza muyeso. Mlimi amene sadziwa kuti madzi adzabweranso liti amathirira mpaka munda kusanduka dziwe. Sitingamunene kwambiri, poti akudziteteza. Koma madzi omwe mizu sinamwe amapitirira pansi n'kukawonjezera pa omwe alipo kale.

Yachitatu anthu ambiri saiganizira. Ngalande yaikulu imayenda chopingasa, kudula makwawa ndi timifuleni tomwe tinkatsitsa madzi a mvula kuchokera kumapiri kupita kumtsinje. Mtumbira wa ngalandeyo umakhala ngati khoma. Ngati makalavati odutsitsa madzi pansi pake ndi ochepa, aang'ono kapena atsekeka ndi mchenga ndi zinyalala, madzi amaima chakumtunda kwa ngalande mpaka milungu ingapo. Onjezerani maenje omwe anthu omanga amasiya akakumba dothi lokwezera mtumbira, ndiye kuti mwapeza mzere wa madziwe otsatana ndi ngalande kuchokera koyambira mpaka kumathero.

Kuchigwa cha Shire vutoli lili ndi zolikulitsa ziwiri. Dera lake ndi lathyathyathya, kotero madzi alibe kothawira msanga. Komanso malo ambiri ndi amakande, dothi lakuda lija lomwe limang'ambika m'chilimwe koma likanyowa limafufuma n'kutseka timipata tonse. Pamakande madzi amachedwa kulowa, ndipo akalowa amachedwa kutuluka.

Kuyeza nokha

Simufunika makina kuti mudziwe ngati madzi akukwera. Chitsime chakale chomwe sichitungidwa kwambiri chimakwanira. Tengani chingwe, mangani mwala kunsonga, yezani kuchokera pakamwa pa chitsime kufika pomwe payambira madzi, ndipo lembani m'kope tsiku ndi kutalika kwake. Chitani zimenezi kamodzi pamwezi, m'mawa anthu asanatunge. Chaka chimodzi sichikuuzani zambiri chifukwa madzi amakwera ndi kutsika ndi nyengo. Chofunika n'kuyerekeza Okutobala wa chaka chino ndi Okutobala wa chaka chatha. Ngati chilimwe chilichonse madzi akupezeka pafupi kuposa chilimwe chapitacho, pali vuto lomwe likubwera, ndipo kope lanulo ndi umboni womwe injiniya sangaukane.

Akatswiri amayamba kuda nkhawa madzi akafika pa mamita awiri kuchokera pamwamba pa nthaka. Akakwera mpaka kufika pomwe pali mizu, mbewu zambiri kupatula mpunga zimayamba kuchita chikasu chifukwa mizu ikusowa mpweya.

Likodzo: matenda a m'ngalande enieni

Pa matenda onse otsata ngalande, likodzo ndiye mwini malo, ndipo m'pofunika kumvetsa bwino momwe limayendera chifukwa pamenepo ndi pomwe pali njira zolidulira.

Munthu wodwala likodzo amatulutsa mazira a tinyongolotsi mu mkodzo kapena m'chimbudzi. Mazirawo akafika m'madzi amaswa, ndipo tizilombo totulukamo timayenera kupeza nkhono ya m'madzi pasanathe tsiku, apo ayi timafa. Si nkhono iliyonse. Likodzo la m'chikhodzodzo limadalira nkhono za mtundu wa Bulinus, pomwe la m'matumbo limadalira za mtundu wa Biomphalaria, zija zophwatalala ngati batani. Zonsezi ndi zazing'ono, zosaposa chikhadabo, ndipo zimakonda kumatirira kunsi kwa masamba ndi udzu wa m'madzi. Nkhono zikuluzikulu za kumtunda zomwe mumaziona mvula ikagwa zilibe mlandu.

M'kati mwa nkhono tizilomboto timachulukana kwa mwezi umodzi kapena kupitirirapo, kenako timayamba kutuluka mazanamazana tsiku lililonse. Tikakhudza khungu la munthu timaboola n'kulowa m'mphindi zochepa, osasowa bala. Timatuluka kwambiri dzuwa likakhala pamutu, chapakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, yomwe ndi nthawi imene ana amathamangira kukasambira ndipo amayi amakhala ali pakati pochapa. M'thupi timakula n'kukhala nyongolotsi zomwe zimakhazikika m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo kapena matumbo, ndipo zimatha kukhala moyo zaka zingapo zikuikira mazira. Chomwe chimawononga thupi ndi mazira omwe amakanirira m'minofu.

Tsopano onani chifukwa chake lowe ndi lofunika pa nkhaniyi. Nkhonozi sizitha kukhazikika m'madzi othamanga. Madzi akamayenda kupitirira theka la mita pa sekondi imodzi, zimakokoloka. Choncho pakati pa ngalande yaikulu ya konkire, yomwe madzi ake akuyenda bwino, si pomwe pali chiopsezo chachikulu cha likodzo. Chiopsezo chili m'zithaphwi za madzi ochucha, m'ngalande zotayira madzi zomwe zamera udzu, m'madamu aang'ono osungira madzi usiku, m'mabokosi ogawira madzi omwe amatsalira madzi pansi, ndi kumathero kwa ngalande zing'onozing'ono komwe madzi amangoima. Malo amenewa ndi omwenso ali pafupi ndi nyumba, ndi osaya, ndipo makolo amawaona ngati abwino kwa ana poyerekeza ndi ngalande yaikulu yomwe ingawamize.

Zomwe zinachitika ku Senegal zimasonyeza liwiro la matendawa. Damu la Diama litamalizidwa pa mtsinje wa Senegal mu 1986, madzi a mchere a m'nyanja analeka kukwera mumtsinje ndipo madzi a m'ngalande anayamba kukhala chaka chonse. M'tauni ya Richard Toll, komwe kuli minda ya nzimbe, likodzo la m'matumbo silinkadziwika. Odwala oyamba anapezeka mu 1988, ndipo m'zaka zochepa chabe anthu oposa theka m'tauniyo anali nalo. Ku Sudan, sikimu ya Gezira yomwe inayamba ndi damu la Sennar mu 1925 inalimbana ndi likodzo ndi malungo kwa zaka zambiri, mpaka kunakhazikitsidwa ntchito yapadera ya zaumoyo yotchedwa Blue Nile Health Project.

Kwathu kuno vuto lina ndi lakuti likodzo tinalizolowera. M'midzi ina mnyamata akamakodza magazi amati wakula. Sikukula kumeneko, ndi chikhodzodzo chomwe chili ndi zilonda. Likasiyidwa zaka zambiri limachepetsa magazi, limafooketsa mwana m'kalasi, limatha kutseka njira za mkodzo n'kuwononga impso, ndipo limakhudzana ndi khansa ya chikhodzodzo. La m'matumbo ndi lobisika kwambiri: kupweteka m'mimba, kutsegula m'mimba kwa magazi mwa apo ndi apo, ndipo patapita zaka kapamba ndi chiwindi zimatupa, mimba imadzaza madzi, munthu n'kuyamba kusanza magazi.

Amayi ndi atsikana ali ndi mbali yawo yomwe sikambidwa mokwanira. Mazira a likodzo amatha kukhazikika m'njira ya chiberekero n'kuyambitsa kuyabwa, chikazi chachilendo, kupweteka kapena kutuluka magazi pokhala malo amodzi ndi bambo, ngakhalenso kuvutika kutenga pathupi. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, motero amayi ambiri amalandira mankhwala olakwika, ena mpaka kunamiziridwa za chiwerewere kunyumba. Ngati ndinu mayi wa kusikimu ndipo mankhwala a matenda opatsirana sakuthandiza, muuzeni dokotala kuti mumachapa kapena kulima m'madzi, ndipo mufunseni za likodzo.

Mankhwala ake ndi praziquantel, yemwe amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa munthu, kapena msinkhu wake pa nthawi ya kampeni ya m'masukulu. Amwedwe munthu atadya, chifukwa pamimba yopanda kanthu amachititsa chizungulire ndi nseru, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe ana ena amathawira tsiku la mankhwala. Malangizo a bungwe la WHO a 2022 akuti m'madera momwe likodzo ndi lofala, mankhwalawa afikire aliyense kuyambira zaka ziwiri, kuphatikizapo akuluakulu, amayi oyamwitsa ndi oyembekezera omwe apyola miyezi itatu yoyambirira. Koma dziwani kuti praziquantel amapha nyongolotsi zomwe zili m'thupi lero. Mawa mukalowanso m'chithaphwi chomwe chija, mwayambiranso.

Madzi osamba otungidwa m'ngalande mungathe kuwateteza mosavuta. Tizilombo totuluka m'nkhono sitikhala moyo kupitirira masiku awiri ngati sitinapeze munthu, kotero madzi omwe akhala m'ndowa yopanda nkhono kwa masiku awiri athunthu salowetsanso likodzo pakhungu. Kuwatenthetsa mpaka atatentha kwambiri kapena kuthiramo klorini kumathandizanso. Izi ndi za likodzo basi. Madzi akumwa amafunabe kuwiritsa kapena kuthira mankhwala.

Malungo osadziwa nyengo

Udzudzu wa Anopheles suikira mazira m'madzi othamanga. Umafuna madzi oima, ndipo mitundu ina yomwe imafalitsa malungo kwambiri kuno imakonda timadzi tosaya towombedwa ndi dzuwa: mapazi a ng'ombe m'matope, mikwasa ya ngolo, zithaphwi za madzi ochucha. Kumalo otentha ngati Chikwawa, dzira limasanduka udzudzu wouluka pa sabata imodzi kapena masiku khumi. Ndiye kuti chithaphwi chomwe chimauma pasanathe masiku asanu sichibala udzudzu, koma chomwe chimakhala milungu iwiri chimabala.

Kusiyana komwe lowe limabweretsa n'kwakuti chilimwe, chomwe kale chinkapatsa mudzi mpumulo, chimatha. Musapachike neti kudenga poti mvula yasiya. Mwana akatentha thupi mu Seputembala, musanene kuti si nyengo ya malungo, pitani naye akayezedwe tsiku lomwelo. Kwa alimi a mpunga, njira yothirira n'kusiya munda uume masiku angapo musanathirenso imapha mphutsi za udzudzu ndipo imachepetsa madzi olowa pansi, bola alimi oyandikana achitire limodzi ndipo mlangizi akuuzeni nthawi yomwe mpunga sufuna kusowa madzi, makamaka ukamachita maluwa.

Chimbudzi ndi chitsime zikakumana pansi

Chimbudzi chokumba chimadalira dothi louma lomwe lili pansi pa dzenje. Dothilo limasefa, ndipo tizilombo tambiri timafera momwemo tisanafike pamadzi. N'chifukwa chake muyeso womwe mabungwe a zaukhondo amatsata umati pansi pa dzenje pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi apansi, ndipo chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, chili chakumunsi kwake.

Madzi apansi akakwera, sefa uja amatha. Zonyansa zimalowa m'madzi mwachindunji n'kumayenda nawo pang'onopang'ono kulowera komwe madziwo akupita, ndipo chitsime chosaya chomwe chakhala chabwino zaka khumi chimaipa popanda kusintha mtundu kapena fungo. Chachiwiri, makoma a dzenje amafewa ndipo chimbudzi chimagwa. Banja lomwe chimbudzi chake chagwa kawiri limagwa ulesi, limayamba kupita kutchire kapena m'ngalande yotayira madzi, ndipo pamenepo mazira a likodzo apeza njira yobwerera kunkhono, kolera ndi taifodi nazo zapeza yawo. Sitinaiwale mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022, patangopita namondwe wa Ana, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Pamalo a lowe yankho si kukumba mozama. Ndi kukweza. Dzenje likhale losaya, lomangidwa ndi njerwa zootcha kuyambira pansi, ndipo mbali ina ya dzenjelo ikhale pamwamba pa nthaka, yozunguliridwa ndi mtumbira wa dothi lotsenderedwa bwino. Zimbudzi za maenje awiri osinthana, zomwe ena amazitcha za ecosan, zimagwira bwino ntchito pamalo otere chifukwa sizifuna kuya. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu angakuthandizeni kusankha malo. Madzi a pachitsime chilichonse chosaya cha pafupi ndi ngalande muziwatenga ngati osatetezeka: thirani klorini kapena WaterGuard, dikirani mphindi 30, ndipo sungani mu chigubu cha kukamwa kwakung'ono.

Mchere

Madzi onse a mumtsinje ali ndi mchere pang'ono, ndipo nthaka nayo ili ndi wake. Madzi apansi akayandikira pamwamba, amakwera okha m'timipata ta dothi monga momwe palafini amakwerera m'chingwe cha nyali. Akafika pamwamba dzuwa limawaumitsa, mchere n'kutsala. Chaka ndi chaka mcherewo umaunjikana mpaka mbewu kuleka kumera.

Dziko la Pakistan linalawa zimenezi pamlingo waukulu. Ngalande zikuluzikulu za m'chigwa cha Indus, zomwe zambiri zinakumbidwa mu ulamuliro wa Angerezi popanda njira zokwanira zotayira madzi, zinakweza madzi apansi kuchokera pa mamita makumi angapo mpaka pafupi ndi pamwamba. Pofika zaka za m'ma 1950 minda yambiri inali itayera ndi mchere. Boma linayamba ntchito yotchedwa SCARP chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, n'kukumba zitsime zamapampu masauzande ambiri zongopopa madzi kuti atsike, ndipo pambuyo pake linakumba ngalande yaikulu yotayira madzi a mchere kunyanja m'chigawo cha Sindh. Madzi anatsika m'malo ambiri, koma ndalama za magetsi ndi zokonzera mapampuwo zinakhala mtolo wolemera kwa zaka zambiri.

Kwa anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje mchere si nkhani ya kutali. Mijigo yambiri kumeneko imatulutsa kale madzi a mchere, ina mpaka anthu anaisiya. Apa ndi pomwe mchere umakhudzira thanzi mwachangu: mjigo ukakhala wosamweka, anthu amapita kumtsinje kapena kungalande, komwe madzi ake ndi okoma pakamwa koma osatetezeka. Ngati madzi a pamjigo wanu ayamba kusintha kakomedwe kuchokera pomwe mthirira unayamba, kauzeni a ofesi ya zamadzi kukhonsolo kuti adzawayeze.

Kodi konkire sathetsa zonse?

Anthu ambiri akaona ngalande yowakidwa ndi konkire amaganiza kuti nkhani yatha. Konkire amachepetsadi kuchucha, amafulumizitsa madzi ndipo amachepetsa udzu. Koma madzi apansi akakwera, konkireyo ndi amene amayamba kuvulala.

Tiwerengere limodzi. Konkire wokhuthala masentimita 10 amalemera makilogalamu pafupifupi 240 pa sikweya mita imodzi. Madzi apansi omwe aima mita imodzi pamwamba pa tsinde la ngalande amakankha kuchokera kunsi ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 1,000 pa sikweya mita yomweyo. Ngalande ikakhala yodzaza palibe vuto, chifukwa madzi a m'kati amapondereza konkireyo. Koma ikaphwetsedwa mwadzidzidzi kuti ikonzedwe, kapena chifukwa chakuti potengera madzi pawonongeka, madzi akunja ongokwera masentimita 25 okha ndi okwanira kutukula konkireyo n'kumuthyola. Akathyoka, ngalande imachucha kuposa kale, madzi apansi amakweranso, ndipo chaka chotsatira pamathyoka pena.

Pofuna kupewa zimenezi, mainjiniya amayala miyala ya kwale ndi mchenga kunsi kwa konkire, n'kuikamo mapaipi obowolabowola omwe amasonkhanitsa madzi ndi kuwatulutsira kumalo otsika. Pena amaika timabowo m'konkire tokhala ndi chotsekera chomwe chimalola madzi akunja kulowa m'ngalande koma osalola a m'ngalande kutuluka. Mukaona timabowo totere, musatitseke ndi simenti kapena chiguduli poganiza kuti ngalande yaboka, ndipo ana asamatokosemo. Lamulo lina la oyendetsa ngalande n'lakuti madzi atsitsidwe pang'onopang'ono, kwa masiku angapo, kuti madzi akunja nawo apeze mpata wotsika.

Kunja kwa mtumbira, chakumunsi, kumakumbidwa ngalande ina yaing'ono yoyenda motsatana ndi yaikuluyo. Ntchito yake ndi kugwira madzi ochucha asanafike kuminda ndi kumidzi. M'minda mumakhala ngalande zotayira madzi, zomwe alimi a m'masikimu ambiri amangoti madreni, zotsikira m'dreni yaikulu yomwe imakathira mumtsinje. Dongosolo lonseli limaima kapena kugwa ndi chinthu chimodzi: potulukira. Ngati mtsinje wadzaza kuposa pakamwa pa dreni, madzi amabwerera m'mbuyo. Kuchigwa cha Shire, komwe mitsinje monga Mwanza imadzaza mchenga ndi kusefukira, ili ndi funso lalikulu, ndipo namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, kenako Freddy mu Malichi 2023, aliyense anaona kukula kwa madzi omwe makalavati ndi madreni a kumeneko ayenera kukonzekera.

Ena amalimbikitsa kubzala mitengo yomwa madzi kwambiri ngati bulugamu m'mbali mwa ngalande. Imathandizadi kutsitsa madzi pamalo aang'ono, koma simachotsa mchere, ndipo ikabzalidwa pafupi kwambiri mizu yake imang'amba konkire ndi kutseka mapaipi. Funsani kaye musanabzale.

Dreni ilibe mwini

M'masikimu ambiri, tsiku lokonza ngalande yobweretsa madzi anthu amabwera ndi makasu m'mamawa, chifukwa aliyense akudziwa kuti akapanda kutero mpunga wake uuma. Tsiku lokonza dreni kumabwera anthu owerengeka. Dreni sibweretsa kanthu kooneka, ndipo amene amavutika ikatsekeka ndi a kumunsi, kapena mudzi woyandikana nawo womwe mwina ulibe ndi munda womwe musikimumo. Ena amafika poitseka dala kuti apatutse madzi a dimba lawo kapena agwiremo nsomba, ena amalima mpaka m'kati mwake. Mabajeti nawo amachita chimodzimodzi: ndalama zikachepa pomanga, gawo loyamba kudulidwa limakhala la madreni, popeza palibe amene amadula riboni pa dreni.

Komatu dreni yomera bango ndi namasupuni ndi malo abwino kwambiri a nkhono musikimu yonse. Ndi yosaya, madzi ake ndi odekha, ili ndi chakudya chochokera ku feteleza wokokoloka, ndipo imadutsa kuseri kwa nyumba.

Kuti zinthu zitha kuchitika mwanjira ina zinaoneka ku Mushandike, pafupi ndi Masvingo ku Zimbabwe, m'zaka za m'ma 1980. Kumeneko akatswiri a zaumoyo a Blair Research Laboratory anakhala pansi ndi mainjiniya sikimu isanamangidwe. Ngalande anaziwaka kuti madzi azithamanga, mabokosi ogawira madzi anawapanga oti akatsekedwa azikhuthuka okha osatsalira madzi, midzi anaiika patali ndi ngalande, anakumba mijigo yokhala ndi malo ochapira, anamanga zimbudzi m'minda momwe, ndipo ngalande zinkaumitsidwa mosinthana. Pamodzi ndi mankhwala, likodzo linatsika poyerekeza ndi malo othirira oyandikana nawo omwe anamangidwa mwa masiku onse. Mfundo ya chimbudzi cha kumunda ndi yosavuta koma imaiwalika: mlimi amene wachoka kunyumba 5 koloko m'mawa sangabwerere kilomita yathunthu kukadzithandiza.

Pokonza dreni pali zoyenera kusamala, chifukwa okonzawo ndi amene amalowa m'madzi oopsa kwambiri. Ntchitoyi ichitike m'mamawa dzuwa lisanakwere, ovala magambutsi avale, ndipo ngati n'kotheka dreni iyambe yaphwetsedwa. Udzu ndi matope zochotsedwa zisaunjikidwe m'mphepete momwemo, ziponyedwe patali padzuwa, apo ayi mvula yoyamba imabwezera nkhono zonse m'madzi. Kuumitsa kamodzi sikukwanira, poti nkhono zina zimabisala m'matope n'kukhala moyo milungu yambiri zikudikira madzi. Bungwe la ogwiritsa ntchito madzi pasikimu, lomwe limatolera ndalama kwa alimi, liyenera kukhala ndi gawo la ndalama ndi masiku a madreni olembedwa padera, ndipo ndi bwino kuti onse okonza madreni azilandira praziquantel chaka chilichonse kudzera kuchipatala cha m'deralo.

Ngati ngalande ikumangidwa kwanu

Nthawi yabwino yofunsa mafunso ndi pomwe makina akadali pamalopo. Kudzera kwa amfumu, komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena komiti yolandira madandaulo ya pulojekiti, funsani kuti madzi a khwawa lakwanu adzadutsa pati, ndipo pitani mukaone kalavatiyo ndi maso. Funsani ngati maenje okumba dothi adzakwiriridwe omanga asanachoke, chifukwa akachoka sabweranso. Funsani komwe dreni ikukathira, amene adzayeze madzi apansi ndi kangati pachaka, komanso ngati zotsatira zake zidzafike kumudzi. Pemphani mjigo wokhala ndi malo ochapira, malo omwetsera ng'ombe omangidwa bwino, ndi timilatho towolokera pomwe pali njira za ana a sukulu. Makoma a ngalande ya konkire amaterera ndi ndere ndipo mwana akagweramo satha kukwera yekha, choncho funsaninso za makwerero kapena zogwirira zotulukira.

Kuchipatala pitani msanga mukaona magazi mu mkodzo, ngakhale dontho limodzi lakumapeto, kapena magazi m'chimbudzi. Munthu amene akutsegula m'mimba mwamadzimadzi kangapo pa maola ochepa ayambe kumwa Thanzi ORS nthawi yomweyo ndipo apitirize kumwa ali m'njira yopita kuchipatala. Mukafika, nenani kuti mumakhala kapena kugwira ntchito pafupi ndi ngalande, ndipo ngati m'nyumba mwapezeka mmodzi wa likodzo, tengani ana onse omwe amasambira naye malo amodzi akayezedwe.